Tinawalila Amalume Ali Moyo

Kusukulu anandichotsa ndili Fomu 2, chifukwa cha chitedze. Sindikana. Ndinachithyola ndekha kudambo, ndinachinyamula m'kabokosi ka machesi, ndipo ndinachiwaza ndekha pampando wa aphunzitsi oyang'anila ogonela pasukulu, amene anatimana nyama milungu itatu yotsatizana. Anavina pamaso pa sukulu yonse, tayi ili m'khosi. Mpaka lelo ndikakumbukila ndimaseka ndekha panjila, anthu n'kumandicheukila.

Amai sanaseke. Kwathu ndi kufupi ndi Minga, ndipo mbili ya chitedze inafika pamudzi ine ndisanafike. Anakhala masiku awili osandiyankhula. Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndikupita ku Walale, monga timatchulila dziko lonse la kutsidya kwa Zambezi, kumapulazi a fodya kumene kunali mlongo wawo, amalume a Lungu. Amalume anapita kumeneko mwana wawo Tisa ali kumsana. Poyamba ankatumiza mabulangete ndi nsalu, ulendo wina njinga, kenako makalata okha, kenako zii. Obwelako ankati munthu alipo, koma mowa wamukwatila.

"Popeza mutu wakowo sukhala phee, pita ukaugwilitse nchito," anatelo amai. "Ukandibweletsele mlongo wanga asanasanduke mchona."

Ndinakwela lole pa Petauke, pamwamba pa matumba a nshawa. Pa Nyimba ndinagula phava la nthochi, ndipo m'mapili otsikila ku Luangwa ndinalibweza lonse kumsewu. Pamalile ndinadzionjezela zaka ziwili pamaso pa wolemba anthu nchito, ndikuyankhula ndi mawu a pansi ngati a katekisiti. Anandikhulupilila, kapena anali atatopa.

Pulazi imene amalume ankagwilapo nchito inali ndi komboni ya tinyumba taudzu, tondondozana ngati mizele ya mbatata, ndi mabalani, nyumba zazitali za njelwa zowumitsilamo fodya ndi moto. Munali Achewa a ku Malawi, Asena, Mazezulu eni dziko, ndi ife a ku Zambia ochepa. Nyengo yothyola tinkalowa m'munda mame ali thoo, utomoni wa fodya n'kumata manja mpaka kuda, ndipo ngakhale usambe ndi mchenga, chakudya chinkawawabe fodya. Ndiwo zinali nyemba zofumbwa, Loweluka kansomba kouma. Mwezi wozizila tinkagona anayi bulangeti limodzi, wapakati ndiye mfumu. Atadziwa kuti ndimatha kuwelenga anandisamutsila kosankha fodya, ndipo dzina langa linafela pomwepo. Aliyense ankangoti Fomu Tuu.

Amalume ndinawapeza pang'anjo ya balani, akusonkheza chikuni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mphumi ndi ya mlongo wawo koma maso ndi a mbala. Kenako anandikumbatila, fungo la mowa n'kundilowa mpaka m'mimba. Unali m'mawa, dzuwa lisanapitilile mitengo.

Ndisawanamizile, munthu uja anali katswili. Mzungu mwini pulazi ankapachika kagalasi koyezela kutentha m'balani iliyonse, koma amalume sankakayang'ana. Ankangotsegula kazenela, kuikapo tsaya, n'kunena kuti chotsani chikuni chimodzi. Ine wa sukulu ndinkathamangila kukawelenga kagalasiko kuti ndiwagwile bodza, ndipo sindinawagwilepo. Fodya wawo ankatuluka wachikasu ngati papaya lakupsa. Anandiphunzitsa kusoka nsapato, ankandisungila phiko la nkhuku ikapezeka, ndipo tsiku limene ndinasoka miyendo ya buluku la kapitawo mwiniwake ali kosamba, anaima pamaso pake n'kulumbila kuti tsiku lonse ndinali nawo kunkhuni. Pobwelela anandiuza kuti msoko wanga unali wotalikilana, ndikuwachititsa manyazi.

Koma mowa. Kumeneko ankamwa chikokiyana, mowa wa tsiku limodzi umene ofulula ankathilamo chilichonse choluma, ngakhale sipiliti woyatsila sitovu. M'mawa manja a amalume ankanjenjemela mpaka atalawa. Chaka changa chachiwili maso anayamba chikasu, mapazi kutupa. Tsiku lina anasanza magazi kuseli kwa balani n'kukwilila ndi phazi, poganiza kuti sindinaone. Kenako anagona pang'anjo masanasana, balani yonse ya fodya n'kupselela kuti bii. Mzungu anati kwatsala kamodzi kuti awachotse nchito.

Wothandiza pakachipatala ka papulazi anandiuza za mishoni ina, ulendo wa theka la tsiku, kumene asisitele anali ndi chipinda cha amuna ogwidwa ndi mowa ndi chamba. Lamulo lawo linali limodzi: munthu abwele ndi miyendo yake, womangidwa samulandila. Ndinawauza amalume mwaulemu wonse, nditagwada. Anati iwo sakudwala, ndipo mwana wa mlongo sauza malume ake za pakhosi pawo. Apo ananena zoona, kwathu sizichitika.

Munthu mmodzi yekha ankatha kuwauza chilichonse: ba Mulenga, Mubemba woyendetsa thilakita. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Timatukwanana, timalandana zinthu popanda mlandu, ndipo wina akafa, ambuya ndiwo amayendetsa malilo, kupaka ofedwa ufa kumaso ndi kuwaseka mpaka misozi iume. Ba Mulenga ankawatcha amalume kapolo wawo wodya mbewa, amalume ankawatcha wodya anyani, ndipo ankagawana fodya mmodzi. Za mowa ba Mulenga anali atanena kambili, koma mawu a mbuya amapita ngati nthabwala.

Nzelu inandibwelela Lamlungu lina masana. Ndinawapeza amalume ali chagada pansi pa mtengo wa mango, pakamwa pali yasa, ntchentche zikulowa ndi kutuluka. Ndinawagwedeza, osadzuka. Ndinaganiza kuti tsiku lina ndidzawapeza chomwechi ndipo sadzadzukadi. Mantha anandigwila, ndipo ine mantha akandigwila mutu umayamba kupanga zinthu. Ndinathamangila kwa ba Mulenga n'kuwafunsa ngati mbuya angayendetse malilo a munthu amene sanamalize kufa.

Ba Mulenga anaika pansi sipanala. "Mwaiche, iwe udzafela kundende," anatelo, kunditcha mwana m'Chibemba chawo. "Tiye, tenga ufa."

Tinawagoneka pamachila onyamulila fodya, tinawafunditsa bulangeti, ba Mulenga n'kuwapaka ufa nkhope yonse, ine wofedwa n'kundipakanso. Azimai a m'komboni, amene anali atatopa kuwadumpha panjila, sanachite kupemphedwa kawili. Anayamba nyimbo za malilo, ndipo ena analila zenizeni, chifukwa kumeneko aliyense anali ndi wake womulila. Tinazungulila komboni yonse, kudutsa m'mbali mwa msewu waukulu, mpaka pakhomo pawo. Pamenepo ba Mulenga anatulutsa katundu wa malemu: sutikesi yopanda kanthu, jekete limodzi, mbale ziwili ndi mulu wa mabotolo. Anayamba kugawa chuma mokweza. Jekete lipite kwa mkazi wa ku Petauke, afunde m'malo mwa mwamuna. Mabotolo apite kwa Tisa, azisewela nawo ngati abale ake, popeza ndiwo ana amene atate ake analela.

Amalume anatsegula maso pakati pa kugawako. Ndinaona ndine ndekha, chifukwa ndinali kumutu. Sanadzuke. Anagona chomwecho, akumva.

"Kapolo wanga uyu anali ndi tsaya lodziwa moto kuposa galasi la mzungu," anatelo ba Mulenga, mawu atatsika. "Mwana wake akadzafunsa kuti atate anali munthu wotani, mudzamuuze zimenezo, chifukwa china choti mumuuze palibe."

Ndinaona misozi ikudula mizele mu ufa uja kumaso kwa amalume. Anthu atabalalika sanandimenye, sananditukwane. Anakhala pakhomo mpaka dzuwa kupendeka, osasamba kumaso. M'mawa mwake anapita okha kwa mzungu kukapempha tchuthi, n'kuuza ba Mulenga kuti alize thilakita awapelekeze ku mishoni.

Chimene sitinadziwe ndi ichi. Pamene tinkadutsa m'mbali mwa msewu, panaima lole, ndipo pamwamba pake panali a Sakala a ku Msanzala, kufupi ndi kwathu, a papulazi yoyandikana nafe, amene anali atamaliza nchito akubwelela kwawo. Anaona machila, anaona ine ndili mbuu ndikulila kuposa onse, anafunsa mai wina kuti wafa ndani, lole n'kunyamuka. Ndimalila bwino, ndivomele.

Ku mishoni ndinkapita Lamlungu lililonse. Mlungu woyamba amalume sanandizindikile. Ankanjenjemela mpaka bedi kulila, ankaona nyelele zikutuluka m'khoma, ankakuwa kuti balani ikupsa. Asisitele, mai wamfupi wa Chizezulu, anandiuza kuti masiku amenewo ndiwo oopsa. Munthu wozolowela chotelo akasiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba atha kugwa ngati wakhunyu n'kufa, n'chifukwa chake ankawabaya jakisoni wogonetsa ndi kuwamwetsa phala la mkaka pang'onopang'ono. Apa ndinazizidwa, chifukwa nzelu yanga yoyamba inali yowatsekela m'nyumba ndi loko.

Mlungu wachiwili anandizindikila, ndipo chinthu choyamba kundipempha chinali botolo. Anandigwila dzanja, kunditchula atate, kunditchula bwana, kundikumbutsa za buluku la kapitawo. Ndinalonjeza. Lamlungu lotsatila ndinabwela nalo m'kati mwa malaya. Tinabisala kuseli kwa thanki ya madzi, anatsegula ndi mano, n'kugugudiza theka asanamve kuti ndi madzi a bwemba opanda shuga. Ananditukwana m'Chinsenga, m'Chizezulu ndi m'Chilapalapa. Kenako anakhala pansi n'kumaliza botololo pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika, n'kunena kuti ulendo winawo ndithileko shuga.

M'mawa amuna a m'chipindamo ankalima dimba la kabichi. Dzuwa likapepa ankakhala bwalo pansi pa mkuyu ndi bambo wina wachikulile wogwila nchito pomwepo, amene naye kale anali chidakwa, chala chimodzi anachisiya m'makina ataledzela. Aliyense ankanena zake. Panali mphunzitsi wadazi amene anagulitsa mabuku a ana, panali wina wa chamba amene ankayankhulana ndi wailesi yozima. Alendo sankaloledwa kumvela, ndiye ine ndinkamvela ndili m'mwamba mwa mkuyuwo. Ndinamva amalume akunena kuti anasiya kulemba makalata chaka chimene analibe choti atumize, manyazi n'kuwapititsa kumowa, mowa n'kuwonjezela manyazi. Ndinagwetsela nkhuyu imodzi padazi la mphunzitsi uja kuti mtima ukhale m'malo.

Amalume anatuluka patapita miyezi iwili, ndi kabotolo ka mapilitsi oyela. Limodzi m'mawa uliwonse, ndipo ukamwa mowa pamwamba pake thupi limaukana. Amalume, pokhala amalume, anayesa. Ndinawapeza atakumbatila mtengo, nkhope ili psuu, mtima ukugunda ngati injini ya chigayo, akusanza ndi kuitana amai awo amene anamwalila kale. Ba Mulenga anaima pambali n'kufunsa ngati atenge ufa. Amalume sanayesenso. Tsiku la malipilo ba Mulenga ankawakweza pathilakita n'kudutsa panyumba ya mowa mwaliwilo, ine kumbuyo nditawagwila lamba. Nthawi yovuta inali yoweluka, imene kale ankamwa. Tinkasewela nsolo, ine n'kumaba mwadala kuti akwiye, aiwale ludzu. Mwezi uliwonse ankabwelela ku mishoni kukatenga mapilitsi ena ndi kukakhala nawo pansi pa mkuyu.

Ndinafuna kulembela amai, koma anandiletsa. Anati mbili yabwino ya m'kalata anaitumizapo kambili, ulendo uno akaonekele okha. Tinagwila nyengo ina yonse ya fodya, tinagula makina osokela, mabulangete ndi dilesi la Tisa longoyelekeza msinkhu, n'kunyamuka. Ba Mulenga anatipelekeza mpaka pamsewu, n'kuwauza amalume kuti akadzafa zenizeni atumize uthenga msanga, iwo sakonda kuyendetsa malilo a munthu mmodzi kawili popanda chifukwa. Anagwilana manja nthawi yaitali, aliyense akuyang'ana kumbali. Pilitsi lomaliza amalume analimwa m'basi pa Nyimba. Asisitele anali atawauza kuti mapilitsi ndi ndodo chabe, tsiku lina adzayenda popanda.

Tinafika pamudzi masana. Woyamba kutiona anali mai wina pachitsime, amene anaponya ndowa n'kuthawa osakuwa n'komwe. Kenako mudzi wonse unalowa m'nyumba. Amai anga okha ndiwo anatuluka, atavala chitenge cha chipani, popeza tsopano anali mkulu wa azimai oimba pamisonkhano. Anaima patali, anatola dothi n'kuwaponyela amalume pachifuwa kuti aone ngati lidutsa. Kenako anatembenukila kwa ine, ndipo ndinaona kuti ayamba kale kumudziwa mwini nkhaniyi.

A Sakala anali atafikitsa uthenga bwinobwino. Amai anandilembela makalata awili ofunsa, koma malile anali atayamba kuvuta, sanandipeze. Anawalila amalume masiku atatu. Popeza mtembo panalibe, anaika thunthu la nthochi atalikulunga m'malaya awo akale. Akazi awo, amake Tisa, anametedwa, anavala zakuda chaka chathunthu, ndipo tsopano anali ndi munda wawo wa thonje, khola la mbuzi, ndi nkhope ya munthu amene sapemphanso chilolezo kwa wina aliyense. Dzina la amalume anali atasungila ine, monga mwana wa mlongo, pamodzi ndi njinga ija. Ndinafunsa ngati njingayo ndingaisunge ndithu.

Amake Tisa sanawalole amalume kulowa m'nyumba. Anayankhula ali pakhomo, Tisa atabisala kumbuyo kwawo, wamtali kale kuposa dilesi lake.

"Ine ndinakulilani kale, bambo. Misozi ina ndilibe."

A Ngoma, mkulu wa adzukulu amene anakumba manda aja, anagamula kuti munthu woikidwa sabwelela pakati pa amoyo chabechabe. Pafulidwe mowa, anthu apite kumanda, mwiniwake aime pamtumbila wake n'kumwa chipanda choyamba onse akuona, chifukwa mzukwa sumeza. Akameza ndiye kuti ndi munthu, alowe m'nyumba mwake. Akakana, aliyense adziwa chimene chabwela pamudzi. Ndinayesa kufotokoza za chipatala ndi mapilitsi, ndikuthilamo Chizungu kuti zimveke zolemela. A Ngoma anati ine ndayankhula zokwanila zaka khumi.

Mowa wa masese umatenga masiku asanu ndi awili. Anaufulula amake Tisa eni ake kuseli kwa nyumba yawo, ife tikugona m'khumbi la amai, mphepo ikutibweletsela fungo limene linkakula tsiku ndi tsiku. Tsiku lachiwili ndinapita kwa iwo akutakasa phala la mowalo, n'kuwauza zonse: magazi a kuseli kwa balani, nyelele za m'khoma, bwemba, thilakita. Anangopitiliza kutakasa. Tsiku lachinayi amalume anasiya kudya. Anandifunsa ngati chipanda chimodzi chingagwetse munthu amene waima chaka chathunthu. Ndinawakumbutsa zimene bambo wopanda chala uja ankanena, kuti choyambacho ndicho chimaitana anzake. Anafunsa kuti ndinazimva kuti. Ndinati ndi mphepo. Ndinaganiza zoboola mbiya, ndinaganiza zothila mchele, koma akanangofulula wina. Ulendo uno mutu wanga unakhala phee, monga amai ankafunila.

Tsiku lake m'mawa kumanda kunadzaza, ndi a midzi yoyandikana omwe. Mtumbila unali utamela udzu, kumutu kuli kamtanda ka thabwa kolembedwa dzina lawo. A Ngoma anatunga chipanda chodzaza, thovu likusefukila, n'kuwapatsa. Amalume anachilandila ndi manja awili, mowa ukutayikila m'zala. Anachikweza mpaka pachibwano n'kuima. Ndinatseka maso, kenako ndinatsegula limodzi.

Anagwada, n'kuthila mowa wonse pamtumbila, pang'onopang'ono, ngati nsembe.

"Amene munamuika apa ndiye ankamwa," anatelo. "Mowa ndi wake, mpatseni. Ine ndikamwa ichi, a Ngoma, musasunge khasu patali. Mudzalifuna chaka chino chisanathe, ndipo simudzaikamo nthochi."

Kenako manong'onong'o anayamba kuyenda, akuti sanameze, mwaona, sanameze. Azimai ena anayamba kubwelela m'mbuyo akukoka ana. A Ngoma anati mwambo ndi mwambo, iwo anaupeza, n'kutunganso chipanda china.

Apo amake Tisa anadutsa pakati pa anthu ndi kamphika kamene anabwela nako pansi pa nsalu. Linali thobwa, lophika dzulo lake, lotsekemela, loti ndi ana omwe amamwa. Anauza a Ngoma kuti chimela n'chomwecho, dzanja lotakasa n'lomwelo, ndipo iye amene anametedwa ndiye ayenela kukhutila kuposa onse. Ngati n'kumeza, ameze ili. A Ngoma anakanda m'mutu, anayang'ana akulu anzawo, n'kukhuthulila mowa uja mumbiya, n'kutambasula chipanda.

"Imwani anthu aone," anatelo amake Tisa. "Koma mukandifelanso kachiwili, mudzadzimeta nokha."

Sindinaonepo anthu ochuluka chotelo akuyang'ana khosi la munthu mmodzi. Linakwela, linatsika, linakwela, linatsika. A Ngoma anasendela pafupi, anaika chala pakholingo kuti atsimikize, n'kulengeza kuti wameza. Nthungululu inayambila kumbuyo, kwa aja amene ankafuna kuthawa. Masese onse anamwa adzukulu ndi alendo. Amalume anakhala pakhonde la nyumba yawo, kumene mphepo sinkafikitsa fungo, akumanga makina osokela, Tisa akuwapatsila zomangila chimodzichimodzi, akuwakhudza chala mwadala kuti aone ngati n'chofunda.

Zimenezo ndinaziona ndili chopendama, chifukwa amai anandigwila khutu kuchokela kumanda mpaka kumudzi, akunditchulila chimodzichimodzi: tsitsi la alamu awo, chaka cha zakuda, mbuzi imene inaphedwa pamalilo, misa imene anapempha, misozi yawo. Pakhomo anandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita. Ndinati inde amai, kwambili, chifukwa khutu linali likadali m'manja mwawo.